NKHUKU YOZUNZIKA M'KHOLA, MATENDA M'MBALE

KALE nkhuku inali ndiwo ya mlendo. Mwana akaona amai ake anola mpeni ndi kuteleka madzi pamoto, anali kudziwa kuti kwabwera amalume kapena kuti Khrisimasi yafika. Masiku ano zinthu zinasintha. Mukayenda m'misika ya Soweto, Chawama, Matero, Mtendere kapena Kanyama pa Ciweru ca kumapeto kwa mwezi, mudzaona nkhuku zoyera mbee zitadzaza m'makola a waya, pa mawilibala ndi pa njinga. Ngakhale amene ndalama zamucepera akhoza kugulako nchafu imodzi, miyendo kapena mitu kuti ana apeze codyera nsima.

Ici ndi cinthu cabwino, pakuti nyama ya nkhuku ndi mazira zimamanga thupi, makamaka la ana ndi la amai apakati. Koma pali funso limene ambiri a ife sitifunsa. Timanyamula nkhuku kuti timve kulemera kwake, timanenerera mtengo, koma sitifunsa kuti kodi nkhukuyi inakhala motani m'masabata 6 a moyo wake. Ena adzaseka nati nkhuku ndi nkhuku, mapeto ake ndi mumphika. Komatu madokotala a anthu ndi a ziweto amagwirizana pa mfundo iyi: nkhuku imene inakulira mothinana, pa zitosi zonyowa ndi m'nyumba yotentha imadwaladwala, yodwaladwala imamwetsedwa mankhwala ambiri, ndipo zotsatira za matendawo ndi za mankhwalawo zimathera m'mbale mwathu.

NKHUKU ZIMENEZI ZICOKERA KUTI?

Nkhuku zoyera zimene timati mabuloila sizicita kufungatiridwa ndi make monga nkhuku za kumudzi. Anapiye ake amaswedwa ndi makina ku makampani akulu monga Hybrid Poultry Farm, imene yakhala pa nchitoyi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, Ross Breeders, Tiger Chicks ndi Zamhatch ya kampani ya Zambeef ku Mpongwe. Ena mwa anapiyewa amapita ku mafamu akulu, monga a ku Chisamba, kumene nkhuku zikwizikwi zimakhala m'nyumba imodzi yaitali, ndipo pamapeto pake timazipeza m'mafiriji a m'masitolo. Koma ambirimbiri amagulidwa m'makatoni ndi anthu wamba: amai amasiye, madala opuma pa nchito, acinyamata osowa nchito ndi azimai a m'magulu a cilimba. Iwowa amaweta nkhuku 50, 100 kapena 200 kuseri kwa nyumba mu George, Kalingalinga, Chawama ndi m'makomboni ena. Ulimi umenewu ndiwo ukulipira lendi ndi kugula mayunifomu m'mabanja ambiri, ndipo colinga ca nkhani ino si kuunyoza ai.

Mwanapiye wa tsiku limodzi amalemera magalamu pafupifupi 40. Pakutha masabata 6 amapitirira makilogalamu 2, ndiko kuti waculukitsa thupi lake ka 50. Anthu ambiri amakhulupirira kuti nkhukuzi zimabayidwa jekeseni wa mahomoni. Zoona zake n'zakuti kukula kotereku kunadza cifukwa ca kusankha mbeu kwa zaka zambiri, pamodzi ndi cakudya cosakaniza bwino ca cimanga ndi soya. Mu 2014 akatswiri a pa University of Alberta ku Canada anaonetsa ici poyera. Iwo anaweta mtundu wa nkhuku wa mu 1957 pamodzi ndi wa mu 2005, nazipatsa cakudya cofanana. Pa masiku 56, ya mtundu wakale inalemera magalamu 905, pamene ya mtundu watsopano inafika magalamu 4,202.

Kukula msanga kotere kuli ndi kuipa kwake. Mnofu wa pacidale umakula kuposa mafupa, mtima ndi mapapo. Ndico cifukwa cake oweta amaona nkhuku zina zikulephera kuima, zina mimba itadzaza madzi, ndipo zina, kawirikawiri zonenepa kopambana, zimapezeka m'mawa zitafa cagada popanda kudwala. Nkhuku ya kumudzi ikamva kutentha imathawira pamthunzi, ikamva ludzu imakafuna madzi yokha. Buloila alibe kothawira. Moyo wake wonse uli m'manja mwa mwini khola.

KUTHINANA NDI CINYEZI

Bvuto loyamba ndi malo. Tiyeni titenge citsanzo ca kacipinda ka mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Alangizi a ziweto amati m'khola longa lathu, lopanda makina opemerera mphepo, pa malo a mita imodzi mbali zonse payenera kukhala nkhuku zazikulu pafupifupi 10. Motero kacipinda kameneka ndi ka nkhuku 90. Koma popeza anapiye ndi tinthu tating'ono, munthu amaikamo 200 naona ngati malo atsala. Pofika sabata lacisanu nkhukuzo zimapondana, zofooka sizifika pa cakudya ndi pa madzi, zina zimakalana pamsana, ndipo matenda akalowa amayenda ngati moto wa m'chire.

Bvuto laciwiri ndi pogona. Oweta ambiri amagula utuci ku msika wa Buseko kapena kwa akalipentala a ku Kalingalinga m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata. Zopala za matabwa ndizo zabwino kuposa utuci wosalala, pakuti wosalalawo anapiye amaudya ndipo fumbi lake limalowa m'mapapo. Zopalazo ziyenera kuyalidwa zocindikala masentimita 5 mpaka 10, kutembenuzidwa kawirikawiri, ndipo pamene panyowa, makamaka pansi pa zomwera, pacotsedwe tsiku lomwelo.

Utuci ukanyowa ndi zitosi umatulutsa mpweya woipa wochedwa amoniya. Mpweya umenewu umaocha maso ndi njira ya mpweya ya nkhuku, ndipo utuci wonyowawo umaocha mapazi, mawondo ndi cidale mpaka kucita zironda zakuda. M'cinyezi comweco ndimo mumaswana tizirombo ta matenda aja otsegula m'mimba mwa magazi, amene amatha anapiye ambiri. Kuyesa kwake n'kosabvuta. Gwadani m'kholamo, muike nkhope yanu pamene pafika mutu wa nkhuku. Ngati maso ayamba kuwawa kapena mphuno kuyabwa, dziwani kuti nkhukuzo zikupuma mpweya umenewo usana ndi usiku. Tapaninso utuci m'dzanja ndi kuufinya. Ukagwirana ngati nsima, wanyowa kwambiri.

M'makomboni athu khola ndi nyumba yogona zimagundana khoma. Fungo, fumbi, nchenche ndi makoswe a m'kholamo sizidziwa malire a poloti. Mwana wokwawa amatola zitosi n'kuika kukamwa, ndipo nchenche imene inali pa zitosi ndiyo imatera pa nsima. M'nyengo ya dzinja, ku malo monga Kanyama kumene madzi amadzaza m'njira ndi m'mabwalo, zitosi zounjikidwa panja zimakokolokera m'zitsime zosazama. Nkhuku sizibweretsa kolera, koma mliri wa 2017 mpaka 2018 ndi uja wa 2023 mpaka 2024, pamene odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium, unatiphunzitsa kuti conyansa cimene titaya m'ngalande cimabwerera m'kapu. Zitosi ziikidwe m'masaka pamalo ouma, zipite ku madimba kumene zili ndi nchito, ndipo khola likatha kugulitsidwa litsukidwe ndi kupumula masabata 2 lisanalandire anapiye ena.

KUTENTHA NDI KUZIZIRA

Nkhuku ilibe thukuta. Thupi lake ndi lotentha kale, madigiri pafupifupi 41, ndipo ikamva kutentha imayasamula kukamwa, kupuma mofulumira ndi kutambasula mapiko. M'mwezi wa Okutobala, pansi pa malata afupi, khola lothinana likhoza kupha nkhuku zambiri masana amodzi, makamaka zimene zatsala pang'ono kugulitsidwa. Khola la mabuloila liyenera kukhala ndi khoma lalifupi ndi waya kumtunda kuti mphepo izipita. Kuyala udzu kapena masaka pamwamba pa malata kumathandiza. Madzi asathe ngakhale ola limodzi, ndipo akhale ozizira ndi aukhondo, oti inunso mukhoza kumwa.

M'miyezi ya Juni ndi Julaye bvuto ndi cisanu. Anapiye m'sabata loyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33, ndipo malaiti akapita ambiri amasonkha mbaula, natseka mazenera onse ndi mapulasitiki ndi masaka. Apa pali ngozi yaikulu. Malasha oyaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Umapha anapiye, ndipo umaphanso munthu. Mbaula iyambe yayaka bwino panja isanalowe m'khola, pakhale mpata wopita mphepo kumtunda, ndipo mwana kapena wanchito asagonekedwe m'cipinda cimeneco kuti alonde anapiye. Anapiye amanena okha za kutentha: akaunjikana pa mbaula ndiye kuti kwazizira, akathawira m'makoma kwatentha, akamwazikana bwino zonse zili bwino.

Ena amayatsa getsi usiku wonse kuti nkhuku zizidya kosalekeza. Nkhuku nayo ifuna tulo. Anapiye akapitirira sabata loyamba, mdima wa maola angapo usiku uliwonse umalimbitsa miyendo ndi kucepetsa imfa zadzidzidzi.

MANKHWALA SI CAKUDYA

Nkhuku zikayamba kutsokomola kapena kutsegula m'mimba, ambiri sasintha utuci kapena kucepetsa kuthinana. Amathamangira ku sitolo ya mankhwala a ziweto kukagula paketi ya ufa wosungunula m'madzi, monga oxytetracycline. Ena amamwetsa mankhwalawa kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku logulitsa, ngakhale nkhuku sizikudwala. Enanso amatsegula makapisozi a anthu otsala kunyumba. Apa ndipo pamene nkhani ya nkhuku isanduka nkhani ya cipatala.

Coyamba, mankhwala amakhala m'thupi la nkhuku kwa masiku angapo. Pa paketi iliyonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira nkhuku isanaphedwe kapena mazira ake asanadyedwe. Woweta amene aona nkhuku zake zikufa, nazimwetsa mankhwala lero n'kuthamangira nazo kumsika mawa kuti asaluze, akugulitsa mankhwalawo pamodzi ndi nyama. Kuphika sikucotsa mankhwala onse, ndipo pali anthu ena amene thupi lao limadana ndi mankhwala otere.

Caciwiri ndico coopsa koposa. Tizirombo tikakumana ndi mankhwala tsiku ndi tsiku, tofooka timafa koma tolimba timatsala ndi kuswana, mpaka mankhwalawo amaleka kugwira nchito. Tizirombo totere timacoka m'matumbo a nkhuku n'kufika kwa munthu kudzera pa manja, pa mpeni, pa thabwa lodulira ndi m'madzi. Mu 2016 akatswiri a pa sukulu ya madokotala a ziweto ku University of Zambia anafalitsa zimene anapeza atapima nkhuku 384 zoti zipite pa msika. Pafupifupi 20 mwa 100 zirizonse zinali ndi tizirombo ta E. coli tosamva gulu la mankhwala amphamvu amene zipatala zimadalira. Mu 2022 magazini ya madokotala ya The Lancet inalengeza kuti m'caka ca 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni pa dziko lonse anafa cifukwa ca tizirombo tosamva mankhwala, ndipo maiko a mu Africa kumwera kwa cipululu ca Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa.

Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti mwana wodwala cibayo kapena mai wodwala matenda a m'njira ya mkodzo akhoza kupita ku kiliniki, kulandira mankhwala oyenera, kuwamwa bwino lomwe, koma osacira. Si nkhuku zokha zimene zimabweretsa bvutoli, pakuti ifenso timalikulitsa pogula makapisozi pa kantemba ndi posiya mankhwala pakati. Ndico cifukwa cake mu 2017 Zambia inakhazikitsa ndondomeko ya zaka 10 yolimbana ndi bvutoli, yophatikiza a zaumoyo wa anthu, a ziweto ndi a zacilengedwe. Maiko a European Union analetsa mu 2006 kuika mankhwala otere m'cakudya ca ziweto pofuna kuzinenepetsa.

Codziwika n'cakuti matenda awiri amene oweta amaopa kwambiri, citopa ndi gumboro, samva mankhwala amenewa ngakhale pang'ono. Cotchinjiriza cake ndi katemera, woperekedwa pa masiku amene ogulitsa anapiye kapena alangizi anena, ndipo katemerayo ayenera kusungidwa mozizira kucokera kusitolo kufikira m'khola.

CAKUDYA CA CUKU NDI NJALA

Cakudya ndico cimadya ndalama zambiri pa ulimi wa nkhuku, ndipo mtengo ukakwera, monga zinacitikira pa cilala ca 2024, ena amasakaniza ndi gaga wakale kapena cimanga cobvunda. Cimanga ca cuku cimakhala ndi poizoni wochedwa aflatoxin. Mu Ogasiti 2024 Nduna ya Zaumoyo a Elijah Muchima inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya ca cimanga coipa, ndipo theka la zitsanzo 25 zotengedwa ku zigayo zinapezeka ndi poizoniyu woculuka. Mu nkhuku, aflatoxin amaononga ciwindi, amapinimbiritsa ndi kufooketsa thupi kotero kuti ngakhale katemera sagwira bwino. Mwa munthu amayambitsa khansa ya ciwindi. Cimanga cimene simungapatse mwana wanu musapatse nkhuku imene mwanayo adzadya. Masaka a cakudya asanjikidwe pa matabwa, asagunde pansi kapena khoma.

Njala nayo ndi nkhanza. Pali oweta amene amagula anapiye ambiri osawerengera masaka a cakudya, ndipo ndalama zikatha pa sabata lacinai nkhuku zimagona ndi njala n'kuyamba kujomphana. Izi zimagwera ngakhale akulu-akulu. Mu 2025 ku South Africa bungwe loteteza nyama la NSPCA linakakamizika kupha nkhuku zoposa 350,000 za kampani ya Daybreak Foods, zimene zinasiyidwa masiku ambiri popanda cakudya mpaka kuyamba kudyana. Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna phindu la nkhuku ayambe wawerenga ngati adzatha kuzidyetsa kufikira tsiku lomaliza.

ULENDO WA KUMSIKA

Nkhuku ikhoza kuleredwa bwino masabata 6 n'kuzunzidwa tsiku limodzi lomaliza. Tonse tinaonapo nkhuku zomangidwa miyendo pamodzi, zolendewera mitu pansi pa njinga, zina zopanikizidwa m'saka kapena pansi pa mpando wa minibasi. Buloila ndi wolemera, motero akanyamulidwa ndi phiko kapena ndi mwendo umodzi fupa limaguluka, ndipo akalendewera mutu pansi amabvutika kupuma. Pofika kumsika amakhala padzuwa tsiku lonse popanda madzi. Nkhuku yotere nyama yake imakhala ndi mabala a magazi oundana, siicedwa kuonongeka, ndipo zina zimafera m'njira.

Kanyamulidwe koyenera ndi m'mabokosi a mabowo, m'mawa kwambiri kapena madzulo, nkhuku iliyonse ili ndi malo okhala pansi. Kumsika zikhale pamthunzi, ndi madzi pafupi. Ngati nkhuku iphedwa mawa, ileke kudya maola 8 mpaka 12 isanaphedwe kuti matumbo asaphulikire pa nyama, koma madzi isamanidwe. Mpeni ukhale wakuthwa kuti nchito ithe kamodzi, ndipo nkhuku isabviikidwe m'madzi otentha isanafe. Madzi ososolera asinthidwe kawirikawiri, pakuti ndowa imodzi yososolera nkhuku 30 imapaka tizirombo ta nkhuku imodzi pa zonsezo.

Nkhuku yofa yokha si ndiwo. Isagulitsidwe, isapatsidwe kwa wanchito, isaponyedwe kwa galu kapena m'ngalande. Ikwiriridwe m'dzenje lakuya kapena kutenthedwa. Ngati nkhuku zikufa zambiri nthawi imodzi, dziwitsani ofesi ya madokotala a ziweto msanga, ndipo ana asazikhudze.

NANGA ZA MAZIRA NDI NKHUKUNDEMBO?

M'mafamu ambiri a mazira nkhuku zimakhala m'timakola ta waya tosanjikizana, mmene siingathe kutambasula mapiko, kupalasa kapena kusamba m'fumbi, ndipo mafupa ake amafooka. M'timakola takale totere nkhuku imodzi inali ndi malo osakwana pepala limodzi la A4. European Union inaletsa timakola ta mtundu umenewo kuyambira mu 2012.

Nkhukundembo n'zocepa kuno, ndipo ambiri amazikumbukira pa Khrisimasi. M'maiko amene amaziweta zambiri, mtundu woyera wa malonda unakulitsidwa cidale kotero kuti tambala wake sangathe kukwera thadzi, ndipo mbeu imacita kuikidwa ndi anthu. Woweta nkhukundembo kuno adziwe kuti zifuna malo akulu kuposa nkhuku, ndipo zisakhale m'khola limodzi ndi nkhuku, pakuti pali matenda a ciwindi ndi matumbo amene nkhuku imanyamula osadwala kwambiri koma amapha nkhukundembo.

MALAMULO AKUTI CIANI?

Ambiri sadziwa kuti kuzunza ciweto ndi mlandu m'dziko lino. Lamulo lochedwa Prevention of Cruelty to Animals Act, Mutu 245 wa malamulo a Zambia, limaletsa kumenya, kuzunza ndi kunyamula ciweto m'njira yocibvutitsa popanda cifukwa. Lamuloli ndi la nthawi ya atsamunda, linalembedwa mabuloila asanabwere, motero silichula kuculuka kwa nkhuku m'khola. Palinso Animal Health Act ya mu 2010 yoona za matenda a ziweto, ndi Food Safety Act ya mu 2019 yoona za ukhondo wa cakudya. Mankhwala, a anthu ndi a ziweto omwe, amayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMRA, ndipo oweta ali ndi bungwe lao la Poultry Association of Zambia.

Zambia ndi membala wa bungwe la dziko lonse la umoyo wa ziweto la WOAH, limene likulu lake liri ku Paris. Mu 2013 bungweli linabvomereza malangizo a kasamalidwe ka mabuloila. Maziko ake ndi mfundo 5 zimene zinayambira ku Britain pambuyo pa lipoti la Brambell la mu 1965, zonena kuti ciweto ciriconse:

1. Cisamve njala kapena ludzu.
2. Cikhale ndi pogona pabwino, posatentha kapena kuzizira kopitirira.
3. Citetezedwe ku ululu, mabala ndi matenda.
4. Cikhale ndi mpata wocita zimene mtundu wake umacita, monga kuyenda, kupalasa ndi kutambasula mapiko.
5. Cisakhale mwamantha ndi mobvutika.

Maiko a European Union anaika manambala pa mfundozi mu 2007. Kumeneko nkhuku za pa mita imodzi mbali zonse siziyenera kupitirira makilogalamu 33, kapena 42 kwa mlimi amene wakwaniritsa zofunika zina, ndipo nkhuku ziyenera kupatsidwa mdima wa maola 6 pa tsiku. Tikumbukire kuti nyumba zao ziri ndi makina a mphepo. Khola la malata la mu George kapena Mtendere silingapirire kuculuka kotero.

ZOYENERA KUONA POGULA

Oyendera za ukhondo a khonsolo sangafike kuseri kwa nyumba iliyonse. Woyendera wamkulu ndinu amene mwagwira ndalama. Nkhuku imanyamula mbiri ya khola lake pa thupi, ndipo kuiwerenga sikufuna sukulu.

Pogula yamoyo, iikeni pansi muone ngati iima ndi kuyenda. Maso akhale owala, mphuno youma, lipombo lofiira, nthenga za kumbuyo zopanda zitosi zomatirira. Tembenuzani mapazi. Zironda zakuda kunsi kwa mapazi, pa mawondo kapena pacidale zitanthauza kuti inakulira pa utuci wonyowa. Funsani wogulitsa kuti nkhukuzo zinamwa mankhwala liti komaliza. Ngati mugula kwa aneba, pemphani kuona khola. Woweta bwino sacita manyazi kukuonetsani.

Pogula yosolasola kapena yoduladula, pewani ya khungu lofiirira ndi mnofu wakuda wodzaza magazi, pakuti kawirikawiri imeneyo inafa yokha. Pewani yonanda, yonunkha kapena yokhala padzuwa ndi nchenche. Ya m'firiji ikhale youma gwa. Mu 2024, pamene malaiti anali kupita maola oposa 20 pa tsiku, tinaphunzira kuti nyama yosungunuka n'kuumanso imaoneka ndi madzi a magazi oundana m'paketi.

Kunyumba, nkhuku yaiwisi ikhale ndi mpeni ndi mbale yake, kutali ndi tomato, ndiwo zamasamba ndi cakudya ca mwana. Madzi otsukira nkhuku asathiridwe pamene ana amasewera kapena pafupi ndi mbale. Sambani m'manja ndi sopo mukatha. Phikani mpaka pafupa pasaoneke magazi, pakuti tizirombo ta Salmonella ndi Campylobacter, timene timatsegula m'mimba ndi kutentha thupi, timafa ndi moto. Yoocha ya m'mbali mwa mseu ikhale yotentha ndi yakupsa mpaka m'kati. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, mpatseni madzi a moyo msanga ndi kupita naye ku kiliniki, makamaka ngati m'cimbudzi muli magazi. Musamugulire makapisozi pa kantemba.

Kwa inu oweta, nkhuku 90 zimene zafika zonse pa msika ziposa 200 zimene theka lathera m'dzenje ndi ndalama m'mankhwala. Malo okwanira, utuci wouma, mphepo, madzi oyera ndi katemera n'zochipa kuposa paketi ya mankhwala sabata ndi sabata, ndipo makasitomala amabwerera kumene anagula nkhuku yabwino. Kwa inu ogula, nkhuku yochipa kopitirira muyeso iri ndi cifukwa cake. Ogula ambiri akayamba kutembenuza mapazi a nkhuku ndi kufunsa za mankhwala, makola adzasintha okha. Paja phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.